Mzere wa Mpweya Umodzi

Chimene Menna anayamba kuona ndi mpando. M'chipinda cha kumbuyo kwa tchalitchi cha Horebu, mmene kwaya ya amuna a m'mudzi wa mgodi wa Cwm Helyg inkaphunzirira nyimbo, mipando inkakhala m'mizere yokhota ngati mwezi wongooneka kumene, ndipo uliwonse unali ndi mwini wake. Menna ndiye ankasesamo ndi kukoleza chitofu, poti iye ndi mwamuna wake Idwal ankakhala m'nyumba ya mpingo, yogundana khoma ndi chipindacho. M'mawa umenewo anapeza mpando umodzi utachoka pamzere wa atenala, amuna oimba mawu apamwamba. Unali wokhawokha pakati pa chipinda, utayang'ana chithunzi cha Watcyn Meyrick. Anaudziwira pa kakhushoni kofiirira kamene anasoka ndi manja ake. Unali mpando wa Idwal.

Watcyn Meyrick ndiye anayambitsa kwayayo kalekale, m'masiku a agogo a agogo athu. Anali wokumba malasha ngati anzake onse, koma madzulo ankalemba nyimbo patebulo la kukhitchini, ndipo atakalamba amuna a mumgodi anasonkherana n'kuitana munthu wa penti kuti amujambule. Pachithunzipo waima m'jasi lakuda, ndevu zoyera zafika pachifuwa, kandodo kotsogolera nyimbo kali kudzanja lamanja. Dzanja lamanzere walitambasula ngati akupempha kanthu. Pakamwa ndi potsegula pang'ono, monga amachitira munthu amene watsala pang'ono kukoka mpweya.

Menna atayandikira ndi kansalu kake kopukutira fumbi, anaona kanthunzi pagalasi la chithunzicho, moyang'anana ndi pakamwapo. Anakwera pabenchi n'kupukuta. Sikanachoke. Anapukutanso, kenako anaika chala, ndipo galasi linali louma. Kanthunziko kanali mkati.

"Chinyezi cha khoma," anadziuza motsitsa mawu. Anabwezera mpando pamzere, ndipo sanauze munthu.

Kukhitchini anapeza Idwal atamuwothetsera nsapato pafupi ndi moto. Ankatero m'mawa uliwonse chiyambire adokotala anamuletsa kulowa mumgodi chifukwa cha fumbi la malasha limene linamudzaza m'mapapo. Kugona chagada sankatha, masitepe okwera kuchipinda chogona ankamulaka, choncho ankagona chokhala pampando waukulu wa pamoto, bulangete lili m'miyendo. Za mgodi sankazitchula. Chimene chinamutsalira ndi kwaya, ndipo Lachinayi, tsiku la kwaya, likafika ankameta ndevu kawiri.

Tsono kwaya imeneyi ili ndi mwambo wake umene Watcyn anasiya. Masamba akayoyoka m'mitengo, nyimbo za nyengo yachisanu zisanayambe, mwamuna aliyense amaima yekha pamaso pa chithunzicho n'kuimba mzere womaliza wa nyimbo yaikulu ya Watcyn: Ndioloka mtsinje, mundigwire dzanja, kufikira tsidya lija kumene kulibe usiku. Auimbe ndi mpweya umodzi, osaba mpweya pakati, ndipo liwu lomaliza aligwire mpaka mtsogoleri atatsitsa dzanja. Wokwanitsa amabwerera pampando wake. Wolephera amanyamula khushoni yake n'kukakhala pabenchi la kukhomo, pansi pa zokolekera majasi. Sathamangitsidwa ayi. Tiyi amapatsidwa poyamba, ulendo uliwonse wa kwaya amamutenga. Kungoti saimbanso. Ndipo akazi a ku Cwm Helyg, amene amachapa malaya a amuna awo n'kuona zimene zimatsalira m'mipango, ankadziwa kuti wa pabenchi la majasi kawirikawiri saona chisanu chachiwiri.

Chaka chathacho Idwal anaumaliza mzerewo movutikira, nkhope ili bii. Chaka chino tsiku loyesa linali litayandikira, ndipo m'nyumbamo panalibe amene ankalitchula.

Usiku wotsatira Menna anadzidzimuka osadziwa chamudzutsa. Kunja kunkagwa mvula yowaza, madzi akudontha pang'onopang'ono mumgolo wa kuseri. Kumtunda kwa chigwa mawilo a mgodi ankalira chapansipansi monga mwa masiku onse. Kenako, kuchokera m'khoma lenilenilo, pafupi ndi mutu wa bedi, anamva munthu akuimba. Anali mawu opyapyala, ouma, ngati a nkhalamba yoimba ili m'kabati. Ndioloka mtsinje, mundigwire dzanja, kufikira tsidya... Apo anaduka. Kunakhala zii kwa nthawi yaitali, mpaka Menna anayamba kumva mtima wake womwe. Mawu aja anayambiranso poyambirira, n'kudukanso pamalo omwewo.

Anafunda bulangete kumutu ngati mwana. Anaganiza zoitana Idwal, koma anakumbukira kuti tulo ta mwamuna wake n'tovuta kupeza, ndipo anamuleka.

M'mawa mpando uja unalinso pakati pa chipinda. Kanthunzi kanali katakula, kataphimba ndevu za kukamwa.

Nkhani inamupeza yokha kusitolo ya a Gwladys, mayi wamasiye amene zenera lake linkayang'ana tchalitchi ndipo ankagona mochedwa kuposa aliyense m'mudzimo.

"Menna mwanawe, umagona bwanji m'nyumba imene ija?"

"Ndi maso otseka, a Gwladys, ngati inu nomwe."

"Usandiseke. Ndamumva Watcyn akuimba usiku ndi makutu angawa." Anatsamira pakauntala n'kutsitsa mawu, ngakhale m'sitolomo aliyense ankamva. "Amayi anga ankanena kuti Watcyn anafa akuimba mzere wake womaliza uja, dzanja lili m'mwamba, pakamwa pali yasa. Akuti akayamba kumveka ndiye kuti kwaya yake ya kumeneko yaperewera munthu. Chaka chimene denga linagwa mumgodi anamveka sabata yathunthu."

"Ngati akufuna tenala ndiye adikira," anatero Tal Wamkaka, amene anali atalowa ndi bokosi la mabotolo. Tal ankakhala pafupi ndi Idwal pamzere wa atenala chiyambire unyamata wawo. "Kumwamba atenala ndi osowa, a Gwladys. Tonse timapita kwina kuja, kofunda."

"Iwe Tal, pakamwa pakopo padzakupweteka."

"Pandipweteka kale. Ndinakwatira napo."

Anthu anaseka, koma mayi wina amene ankasankha anyezi anafunsa, osayang'ana Menna, ngati zinali zoona kuti mpando umapezeka utasuntha, ndipo ngati ndi choncho, ndi wa yani. Menna sanadziwe kumene mayiyo anazimva; analipira shuga wake n'kutuluka. Atafika kunyumba anapeza Tal atasiya pakhomo botolo la mkaka wa mafuta ambiri umene iye sanaitanitse. Pambali pake panali thumba la malasha osankhidwa bwino, osadziwika mwini. Anaima n'kuziyang'ana zinthuzo, ndipo m'malo mokondwa anachita mantha. Ndi mmene anthu a kuno amayambira kusamala nyumba imene akuiona kuti ikhala ya maliro.

Mausiku otsatira kuimbako sikunaleke. Menna anafika podziwa ndondomeko yake: kaye kukwekweretsa kwa mwendo wa mpando pamatabwa, kenako bata, kenako mzere uja ukukwera pang'onopang'ono ngati munthu wokwera phiri ndi katundu, n'kugwa pa liwu lakuti tsidya. Masana Idwal ankaoneka wotheratu. Milomo inayamba kuda, supu ankasiya theka, ndipo tsiku lina anagona tulo supuni ili m'manja. Adokotala anabwera, anamvetsera pachifuwa, n'kunena kuti fumbi silinawonjezeke kuposa mwezi watha, sakumvetsa chimene chikumudya mphamvu. A Gwladys atamva zimenezo anangogwedeza mutu, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unkadziwa kuti Watcyn akumuyamwa mpweya Idwal kudzera m'khoma.

Menna sankakhulupirira zoterezi. Anapita kusukulu, ndipo Lamulungu ankaphunzitsa ana za m'Baibulo. Komabe anadzipeza akusesa chipinda chija atafulatira chithunzi.

Usiku wina mphepo inaleka, mvula inakata, ndipo mawuwo anamveka bwino kwambiri moti sanathenso kupirira. Anatsika masitepe wopanda nsapato, akugwira khoma, kuti akadzutse mwamuna wake amve yekha. M'khitchini moto unali utatsala makala ofiira. Pampando waukulu panali bulangete lokha. Analigwira, linali lofunda. Anayang'ana pamsomali wa kuseri kwa chitseko, ndipo kiyi wa chipinda cha kwaya panalibe.

Kanjira kochokera kukhitchini kupita kumeneko n'kakafupi, koma kanamutalikira. Miyala ya pansi inkamuluma kumapazi ndi kuzizira. Chitseko chinali chotsegula pang'ono. Mkatimo munalibe nyale, koma kuwala kwa getsi la mumsewu kunkalowa pazenera lam'mwamba n'kugwera pankhope ya Watcyn yokha, moti ndevu zoyerazo zinkaoneka ngati zikulendewera mumdima popanda thupi. Pansi pake panaima munthu wowerama, atavala jasi pamwamba pa zovala zogonera, manja onse atagwira mutu wa mpando. Anakoka mpweya, ndipo Menna anaumva ukulira m'chifuwa ngati chitseko cha dzimbiri. Ndioloka mtsinje...

Chimene chinamupweteka si mantha. N'chakuti mausiku onsewo anamvetsera mawu a mwamuna amene anamukopa ndi nyimbo ali mtsikana, koma sanawazindikire.

Mzere unaduka. Idwal anatsamira mpando, akutsokomolera m'mpango kuti zisamveke.

"Idwal," ananong'ona Menna.

Sanatembenuke. "Bwerera ukagone, Menna. Uzizidwa."

"Ndinu amene mwagonetsa mudzi wonse ndi mantha? A Gwladys atsala pang'ono kuitana abusa."

"Awaitane. Mwina abusa ali ndi mpweya wapadera angandigawireko." Anayesa kuseka, chifuwa chinamuletsa. Atapeza mawu anati, "Ndimaganiza sukumva. Ndimaimba motsitsa."

"Mukudzipha."

"Kwatsala mawu ochepa chabe. Kumene kulibe usiku. Tamva kufupika kwake. Mwana wa Sande sukulu angawanene akuthamanga."

Menna anafika pafupi n'kumukonza kolala ya jasi. Khosi lake linali lonyowa ndi thukuta lozizira. "Nanga mukakhala pabenchi, n'chiyani? Mudzakhala muli m'chipinda chomwechi. Mudzamva nyimbo zomwezi."

"Iwe, pabenchi paja ndinapaona pali bambo anga. Ankagwira chipewa chonchi, milomo ikuyenda, mawu osatuluka. Anyamata akuwapatsa tiyi ngati mlendo." Anapuma. "Mgodi unanditenga msana, ndinavomera. Unanditenga chifuwa, ndinavomera. Mpando uwu wokha ayi."

"Ndikalankhule ndi a Prosser? Ndi munthu wachifundo."

A Prosser anali mphunzitsi wa sukulu amene ankatsogolera kwayayo masiku amenewo.

"Ukatero ndiye wandiika pabenchi ndi manja ako. Mwambo si wa a Prosser." Anakweza maso kuchithunzi. "Mkulu uyu naye anali ndi fumbi, ukudziwa? Mzere umenewu sanaulembe kuti azunze anthu. Ankafuna kudziwa amene akudwala asanagwe pamaso pa anthu. Ndikaima pano ndimaona ngati akundidikira, sakufulumira."

Menna anayang'ananso. Kanthunzi kanali pompo, kotuwa m'kuwala kwa getsi, ndipo galasilo linali m'mwamba kwambiri koti mpweya wa Idwal sukanafikako. Anamugwira mkono n'kumutsogolera kumoto, ndipo kwa nthawi yoyamba mpando anaubwezera pamzere onse awiri.

Sanapite kwa a Prosser. Koma m'mawa, polandira mkaka, anamuuza Tal kuti mzukwa wa a Gwladys umavala jasi la Idwal. Tal sanaseke. Anayang'ana kumapiri kwa kanthawi, kenako anati, "Phikani timakeke tanu ta pachiwaya tambiri Lachinayi, mlamu. Zinazo musadere nazo nkhawa."

Lachinayi kunada msanga. Amuna analowa akukutumula madzi m'zipewa, nsapato za misomali zikugogoda matabwa, chipinda chikununkha majasi onyowa ndi sopo. Ambiri anali ndi timizere tabuluu m'manja ndi pamphumi, zipsera zimene malasha amasiya. Menna anaima pakhomo la kakhitchini ka mpingo pafupi ndi ketulo yaikulu, monga ankachitira chaka chilichonse. Pabenchi la majasi panali nkhalamba zingapo, ndipo imodzi inali itasuntha pang'ono, mosaonetsera, kusiya malo kumbali yofunda.

A Prosser anamenya kachitsulo kawo koyambira nyimbo pabondo n'kukaika kukhutu. Anayamba ndi abesi, amuna a mawu akuya. Aliyense akamaliza anzake ankamunyoza monga mwa chizolowezi.

"Wameza mbuzi, Emlyn?"

"Mbuzi yake imaimba bwino kuposa iweyo."

"Bata, madoda," ankatero a Prosser, iwonso akubisa kumwetulira.

Tal anamaliza mzere wake n'kugwadira chithunzi ngati wapambana mpikisano wa dziko lonse. Kenako a Prosser anatchula dzina la Idwal, ndipo nthabwala zinatha zokha.

Idwal anaimirira, anakonza tayi, n'kuyenda mpaka pakati. Analibe chogwira. Menna ankamuona chakumbali, ndipo ankadziwa malo enieni amene mzerewo ukagwere, ngati mmene munthu amadziwira sitepe yothyoka m'nyumba mwake. Idwal anakoka mpweya. Anayamba bwino, moyera kuposa mausiku onse aja. Ndioloka mtsinje, mundigwire dzanja. Mapewa anayamba kunjenjemera. Kufikira tsidya...

Menna anaona ndi maso ake chifuwa chikugwa, pakamwa pali potsegula koma popanda kanthu. Koma nyimbo sinaduke. Mawu anapitirira pomwepo, opanda msoko, akuya pang'ono, okalamba koma olimba, akutchula mawu mwachikale mmene ankalankhulira anthu a kumtunda kwa chigwa. Tsidya lija kumene kulibe usiku. Liwu lomaliza linakhala m'mwamba nthawi yaitali, losagwedezeka, mpaka makapu a patebulo la Menna anayamba kulira pang'ono. A Prosser anali akuyang'ana nsapato zawo. Anatsitsa dzanja mochedwa, ndipo liwulo linatha nthawi yomweyo.

"Bwererani pamalo panu, a Idwal," anatero mosakweza maso. "Wotsatira."

Panalibe amene anaponya nthabwala. Idwal anabwerera n'kukhala pakakhushoni kake, manja ali pamaondo.

Nthawi ya tiyi Menna anaika timakeke tiwiri towonjezera m'mbale ya Tal n'kumukankhira. "Mulungu akudalitseni," ananong'ona. "Sindimadziwa kuti mumatha kusintha mawu chotero."

Tal sanatenge mbaleyo. Nkhope yake, imene nthawi zonse inkakhala yofiira ndi mphepo ya m'mawa, inali yotuwa ngati mkaka wake womwe.

"Mlamu, tinapangana, inde. Ine ndi anzanga a pamzere. Tinati akafika pa tsidya ndilowe ine motsitsa, enawo atsokomole pang'ono kuphimba, a Prosser ayang'ane pansi. Mpweya ndinakoka." Anatsitsa mawu. "Koma ndisanatsegule pakamwa ndinapeza wina walowa kale."

"Ndani?"

"Ndafunsa mzere wonse. Aliyense akuti amayesa ndine."

"Mwina ndi abesi. Emlyn amakonda..."

"Emlyn? Liwu limene lija Emlyn angalifike atakwera pamakwerero?" Anayesa kumwetulira koma sizinatheke. "Ndakhala m'kwaya muno moyo wanga wonse, Menna. Mawu a mwamuna aliyense pano ndingawadziwe mumdima wa pansi pa mgodi. Aja sindinawamvepo."

Amuna anabalalika mwakachetechete usiku umenewo. Aliyense potuluka ankagwira Idwal paphewa, ndipo Menna anaona kuti ambiri ankavala zipewa atafika kale panja, osati m'chipindamo.

Kunyumba Menna anamukhazika Idwal pampando wake, anamuvula nsapato, n'kumufunditsa. Idwal ankayang'ana moto. Nkhope yake inali yodekha mwa mtundu umene Menna sanauone kwa zaka.

"Mpando ndausunga," anatero.

"Mwausunga."

"Ukudziwa kuti sindinamalize ine."

"Ndikudziwa."

"Sindinachite mantha, Menna. Zinali ngati mumgodi, denga likamalira, mnzako n'kubwera kudzaika phewa lake pambali pa lako osanena kanthu." Anakokera bulangete pachifuwa. "Kungoti munthu akakunyamulira katundu mpaka tsidya, sudziwa ngati akubwerera yekha kapena akuyembekeza kuti mupitire limodzi."

"Imwani tiyi wanu, akuzizira."

Menna anatenga kiyi n'kupita kukatseka chipinda chija. M'chipinda cha kwaya munali mukadali fungo la majasi, ndipo chitofu chinkathetheka pozirala. Anasonkhanitsa makapu otsala, anawongola mpando umodzi ndi wina. Kenako anachita chimene sanachite kwa masiku ambiri: anaima pakati pa chipinda n'kuyang'ana Watcyn Meyrick m'maso. Anapukuta manja paepuloni, monga amachitira polankhula ndi mkulu wa mpingo.

"Bambo Meyrick," anatero motsitsa, "ngati munali inu, zikomo. Mwamuchotsa manyazi, ndipo ine sindiiwala. Koma mumve bwino. Kumeneko muli ndi amuna ambiri a m'chigwa chino, ena munawatenga ali anyamata. Ine ndili ndi mmodzi yekha. Akaperewera mpweya muthandizeni, koma Lachinayi lililonse azibwerera kunyumba."

Anayang'ananso chithunzicho. Dzanja lamanzere linali lotambasula monga kale, ndipo Menna sanathe kudziwa ngati linkapereka kapena linkapempha.

Anazimitsa nyale. Sanatuluke msanga. Anaima mumdimamo kiyi ali m'manja, akumvetsera, ndipo kuseri kwa khoma kunali zii. Kenako Idwal anatsokomola, chifuwa chake chija chouma, chautali, chimene chinkamusowetsa tulo zaka zonsezi. Menna anatseka maso n'kuthokoza Mulungu chifukwa cha chifuwacho, ndipo anakhoma chitseko.